Kuthetheka kwa Lachinayi Masana

Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi, Sajeni anali atamanga kale fayilo ya mlanduwo ndi kachingwe, kungodikira kuti aipereke kukhoti. Nkhani yake inali yosavuta, ndipo iye ankakonda nkhani zosavuta, makamaka tsopano pamene anatsala ndi miyezi inayi kuti apume pa ntchito.

Achikulire, eni ake a wailesi yaing'ono ya pamwamba pa sitolo ya matayala, anapezeka atagona pansi pa masitepe kunyumba kwawo Lachinayi masana, mutu utang'ambika. Dokotala anati anagwa pakati pa 12 ndi 1 koloko, koma mpweya unawathera patapita maola awiri. Pamkono pawo panali zipsera za zala: munthu wina anawagwira mwamphamvu asanagwe. Amene anawapeza anali Adalaivala, bambo amene anawayendetsa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Malaya a Adalaivala anali magazi okhaokha, ndipo dzulo lake anthu atatu anawamva akukangana ndi abwana awo. Adalaivalawo anati masana onse anali pamzere kuchipatala kutengera Achikulire mankhwala a miyendo, koma pamzere wa kuchipatala ndani amakumbukira nkhope ya mnzake? Sajeni sanafune zambiri. Anawatsekera.

Mmawa umenewo mkazi wa Adalaivala anafika monga mwa masiku onse, kontena ya chakudya ili m'manja, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Anali telala, ndipo anthu ankangowaitana kuti Atelala. Koma tsiku limeneli sanapite kuwindo la chitokosi. Analowa mu ofesi ya Sajeni n'kukhala pampando asanauzidwe.

"Bwana, lero sindinabwere kudzalira. Ndalira mokwanira, ndipo mwaona nokha kuti misozi siitsegula loko."

"Nenani, mayi, koma mwachidule."

"Ine ndimasoka wailesi ili pakhutu, kuyambira mmawa mpaka kuweruka. Chigulireni makina atsopano kuwailesi kuja, mawu akhala akuthetheka, the-the-the, ngati madzi agwera m'mafuta otentha. Miyezi itatu yathunthu. Ndinkaganiza kuti ndi kawailesi kanga, mpaka ndinakamenya mbama. Ndiye Lolemba la sabata ija kuthetheka kunatha. Lachiwiri mbee, Lachitatu mbee, Lachinayi mmawa mbee. Itangokwana 12 koloko, pulogalamu ya muulutsi uja Uchi itayamba, the-the-the uja anabwerera. Itakwana 1 koloko anasiya. Mpaka lero sanabwerenso."

"Ndiye zikutanthauzanji?"

"Sindikudziwa, bwana, wapolisi ndinu. Ine ndimangodziwa kuti ukaona chigamba chili ndi ulusi wosiyana ndi wa malaya, ndiye kuti chinasokedwa tsiku lina."

Atelala ananyamula kontena yawo n'kutuluka. Sajeni anatsala akuyang'ana kachingwe ka fayilo. Anakumbukira mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi geti ya Achikulire, amene tsiku loyamba lomwe ananena kuti anaona munthu wamtali, woyenda mowerama ngati Uchi, akulowa cha m'ma 12 koloko. Sajeni anamuseka mayiyo pamaso pa anthu. Uchi, muulutsi wotchuka wa pulogalamu ya masana, anali pawailesi ola lonselo. Tauni yonse inamumva. Sajeni yemwe anamumva ali m'galimoto, ndipo anasekanso nthabwala yake ina ya apongozi.

Anamasula kachingwe kaja.

*

Masitepe a kuwailesi ankanunkha mphira wa matayala. Pamwamba pake panali tebulo la mlembi, mtsikana wa zikhadabo zofiira amene ankalankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Ndinanena kale, bwana, ndipo sindisintha, chifukwa ine pano sindichoka, ngakhale chakudya ndimadyera pompano, funsani aliyense. A Uchi analowa m'situdiyo kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane 12 koloko, babu lofiira linayaka, ndipo babu lofiira likayaka salowa munthu, ngakhale Achikulire eni ake, Mulungu awalandire, ankadikira panja. Anatuluka 1 koloko itadutsa."

"Munawaona ali m'katimo?"

"Ndikanawaona bwanji? Anatseka katani. Akuti nkhope za anthu zimawasokoneza."

"Situdiyo ili ndi khomo lina?"

"Lakuseri, lotsikira kujenereta. Koma kumeneko n'konyansa, munthu ngati a Uchi, nsapato zoyera zija, sangadutseko."

"Tsiku limenelo omvera anaimba foni angati?"

Apa mlembi anayang'ana zikhadabo zake.

"Anaimba ambiri, koma sindinawalumikize. Papita miyezi isanu a Uchi atandiletsa. Akuti omvera amangopereka moni kwa alamu awo, amawatayitsa nthawi. Komatu kale pulogalamu ija inali ya mafoni okhaokha. Mayi wina amaimba tsiku lililonse mpaka lero, ndimangoti laini yadzaza."

"Makina atsopano amayang'anira ndani?"

"Nthambo. Mlongo wawo wa a Uchi, wamng'ono. Chipinda chomaliza kumanzere. Koma mugogode mwamphamvu, chifukwa kuyambira maliro aja amadzitsekera, moni sayankha, ndipo tiyi amene ndimamupititsira ndimakamutenga atazizira."

*

Sajeni anayamba walowa kaye kwa Uchi. Anamupeza m'kachipinda kokonzekerera, akudula nkhani za m'nyuzipepala ndi lumo. Anali wamtali, imvi zitayamba m'mbali, ndipo mawu ake anali omwe aja amene anamupatsa dzina: ofewa, olemera, otsika pakhosi mosavuta.

"Bwana Sajeni, takulandirani. Pepani mwatipeza m'chisoni. Achikulire anali bambo wanga, ngakhale sanandibereke. Ananditola ndikugulitsa mabatire pansipa, n'kundiuza kuti mawu amenewa si ogulitsira mabatire. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala pa maikolofoni yawo."

"Munawaona liti komaliza?"

"Lachiwiri. Anakwera movutika ndi miyendo yawo ija, kudzaona makina."

"Munakambirana chiyani?"

"Za ntchito. Nkhalamba ndi mwana wake akambirananso chiyani?"

Sajeni anaona kuti Uchi samamuyang'ana m'maso. Ankamuyang'ana pakamwa. Poyamba anaganiza kuti mwina chinachake chamutsalira m'mano, ndipo anapukuta milomo ndi dzanja. Kenaka anadzuka, n'kupita pawindo ngati akufuna mphepo, nafulatira.

"Lachinayi lija munadutsa khomo lakuseri?" anafunsa ndi mawu wamba, nkhope ili kumsewu.

Kumbuyo kwake lumo linapitiriza kudula pepala.

"A Uchi, ndikufunsa ngati munadutsa khomo lakuseri."

Lumo linangopitiriza. Sajeni anatembenuka. Uchi anakweza mutu n'kumwetulira mwaulemu.

"Kukutentha lero, bwana, eti? Windo limenelo limavuta kutsegula."

*

Chipinda cha Nthambo chinali chopapatiza ngati mosungira matsache. Munali makompyuta awiri, mashelefu a zida zakufa, ndi nthambo zolendewera pamisomali monga mwa utali wake. Mwini wake anali mayi wa zaka ngati makumi atatu, wovala juzi m'chipinda chotentha, maso atalowa m'kati. Ataona yunifolomu sanadabwe. Anangochotsa bokosi pampando kuti mlendo akhale.

"Chemwali, ndamva kuti wailesi inkathetheka, kenaka inasiya. Anakonza ndani?"

"Ndinakonza dalaivala."

"Adalaivala ali m'chitokosi changa."

Nthambo anaseka kamodzi kokha, kuseka kouma.

"Osati amenewo, bwana. Dalaivala wa m'kompyuta. Ndi kapulogalamu kamene kamaphunzitsa kompyuta kulankhulana ndi chida chimene mwalumikiza. Popanda iye, kompyuta ndi mikisa, makina osakanizira mawu aja, zili ngati apongozi awiri okumana panjira."

Ananyamula kanthambo kakuda, kowonda ngati chingwe cha nsapato, kotulukira pabowo la pakhoma.

"Mikisa yathu ili ndi matchanelo, kapena kuti njira za mawu, makumi atatu ndi awiri. Onsewo amadutsa m'kanthambo ka USB aka, kulowa m'kompyuta, ndiyeno n'kupita kumlongoti woulutsira mawu. Mukamakopera chithunzi kapena kalata, chidutswa chikatayika panjira kompyuta imati bwereza, ndipo chimabwerezedwa. Mawu sayenda choncho. Mawu ali ngati basi yonyamuka pa nthawi yake, kaya mwakwera kaya simunakwere. Ndipo basi imeneyi imanyamuka maulendo zikwi zisanu ndi zitatu pa sekondi iliyonse."

"Pa sekondi?"

"Pa sekondi. Tsono poti matchanelo athu ndi ambiri, mikisa imakweza timaphukusi titatu ta mawu pa ulendo uliwonse. Dalaivala amene tinali naye ankadziwa kulandira kamodzi kokha. Ndinamukakamiza kuti azilandira tonse, koma kachitatu kankamupulumuka pafupipafupi. Kakatayika katayika, palibe wobwerera kukatola. M'mawu mumatsala kabowo. Kuthetheka kumene anthu ankamva kunali timabowo timeneto."

"Ndiye munachita chiyani?"

"Ndinalemba gawo limenelo mwatsopano. Miyezi itatu. Ndinaliika Lolemba mmawa. Lachiwiri Achikulire anakwera kudzamva okha, anakhala pampando mwakhalapowo, anamvetsera mphindi khumi, n'kunena kuti, mwanawe, wachapa mawu anga." Analoza kompyuta. "Kuyambira Lolembalo sikanatayikepo kaphukusi ngakhale kamodzi. Dalaivala amawerenga yekha n'kulemba."

"Nanga Lachinayi masana?"

"Lachinayinso sikanatayike kalikonse."

"Komatu kunathetheka."

Nthambo anayang'ana kanthambo kali m'manja mwake, n'kukakulunga pachala mpaka chala chinayera.

"Nanenso ndinamva, bwana. Ndinali kumlongoti tsiku limenelo, ndinamvera pa wailesi ya mlonda. Mtima unandigwa. Ndinati ntchito yanga ya miyezi itatu yalephera. Lachisanu lonse ndi Loweruka, anthu akukonzekera maliro, ine ndinali muno kufunafuna pamene ndinalakwitsa. Mzere ndi mzere. Ndikanakonda ndikanapapeza."

"Simunapapeze."

"Timabowoto tinali kale m'kati mwa mawuwo. Pulogalamu ija inajambulidwa Lolemba lisanafike, nthawi ya dalaivala wakale. Lachinayi inangoseweredwa."

Sajeni anatulutsa kabuku kake koma sanalembemo kanthu.

"Zimenezo zikusonyeza kuti anaika zojambula kale. Sizikusonyeza kuti anatuluka."

"Ayi, sizikusonyeza." Nthambo anatsegula dirowa n'kutulutsa zomvera za m'makutu ziwiri. "Koma sabata imeneyo ndinkayesa dalaivala watsopano, ndiye ndinasiya kompyuta ikujambula matchanelo onse payokhapayokha, tsiku lonse, ngakhale amene sakupita kumlongoti. Sindinauze munthu, chifukwa sindinaganize kuti n'zofunika kuuza munthu. Tchanelo choyamba ndi maikolofoni ya achimwene."

*

Poyamba Sajeni anangomva fani ikuzungulira ndi wotchi ya pakhoma. Kenaka mpando unalira, mapepala anakhwekhwereza. Nthambo analoza manambala a pagalasi: mphindi zitatu kupitirira 12. Panamveka mapazi akutalikira, chitsulo cha chitseko chikukwekwesa, chitseko chikutsekeka mosamala. Kenaka fani ndi wotchi basi.

"Ndi choncho mpaka kuti?"

"Mphindi makumi asanu ndi imodzi. Ndinamvetsera zonse, kawiri. Ndinkati mwina atsokomola, mwina angopita kukasuta."

Anakoka kachizindikiro n'kukafikitsa chakumapeto. Chitseko chinatseguka mwaphuma n'kumenya khoma. Munthu anagwera pampando akupuma ngati wathamangitsidwa ndi agalu. Anapuma choncho kwa nthawi. Kenaka anayamba kulira, osati mokweza, kulira kwa munthu wamkulu amene watseka pakamwa ndi dzanja. Botolo la madzi linagwedera pamano. Anakonza pakhosi kawiri. Ndipo wotchi itagunda, panatuluka mawu omwe aja, ofewa, olemera, opanda chilema: "Nthawi yakwana 1 koloko, okondedwa omvera. Tamverani nkhani."

Sajeni anavula zomverazo.

"Mwadziwa kuyambira liti?"

"Loweruka madzulo."

"Lero ndi Loweruka linanso. Mwakhala nazo sabata yathunthu, munthu ali m'chitokosi."

"Ndikudziwa kuwerenga masiku, bwana." Sanakweze mawu. "Amayi atamwalira ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anandiluka tsitsi ndi achimwene, moipa, anzanga ankandiseka. Anandiphunzitsa ndi iwo mpaka ndinadziwa zonsezi. Katatu ndaika chala pabatani lofufutira. Katatunso ndafika pageti ya polisi, n'kuona Atelala ndi kontena yawo, n'kubwerera. Ndinalephera zonse ziwiri. Ndimangodikira kuti wina abwere adzandifunse."

Sajeni anafuna kumukalipira, koma anadziletsa. Iye mwini anali ndi masiku asanu ndi anayi oti akwere masitepe amenewa, ndipo sanakwere.

Chitseko chinatseguka. Uchi anaima pakhomo, lumo lidakali m'dzanja, atabwera kudzafunsa za ndandanda ya masana. Anayang'ana mlongo wake, anayang'ana zomvera ziwiri zili patebulo, anayang'ana pagalasi pamene panalembedwa tsiku ndi nambala ya tchanelo. Anaika lumo pashelefu pang'onopang'ono.

"Wandijambula, mlongo wanga?"

"Sindinadziwe, achimwene. Ndimayesa dalaivala."

"Ukuti chiyani? Ndiyang'ane ukamalankhula."

Nthambo anakweza nkhope, misozi ili mbwembwembwe, n'kubwereza mawu omwewo pang'onopang'ono.

*

Uchi anakhala pabokosi. Sanakane kanthu, ndipo Sajeni sanafunikire kufunsa zambiri.

"Makutu anayamba chaka chatha, bwana. Lakumanzere linafa, lakumanja likutsatira. Foni sindingathe, chifukwa foni ilibe milomo. Ndinaletsa mafoni. Masiku ena m'mutu mumalira ngati muli njuchi, moti ngakhale mawu anga omwe sindiwamva, ndiye ndinajambuliratu mapulogalamu asanu ndi limodzi, opanda tsiku, opanda nyengo, oti ndiziika zikavuta. Ndinkaganiza kuti palibe akudziwa."

"Achikulire anadziwa."

"Lachiwiri lija. Anandiitana katatu ndili chofulatira. Potsika anandiuza kuti mwezi ukatha pulogalamu aipereka kwa wina, ine ndizikasanja nyimbo kuseri. Sananene mwankhanza. Ndikanakonda akanandilalatira. Lachitatu sindinadye. Lachinayi ndinati ndipite ndikawagwadire pamene kulibe anthu, chifukwa masana Adalaivala amakhala kuchipatala. Kunyumba kwawo ndi mphindi khumi wapansi. Ndinaika pulogalamu imodzi n'kutsikira kujenereta."

Anapukuta manja pa thalauza.

"Ndinawapeza pamwamba pa masitepe, akutsika ndi ndodo. Ndinawapempha chaka chimodzi chokha. Anapukusa mutu n'kutembenuka kuti abwerere m'chipinda, akulankhulabe. Ndinkaona chibwano chikugwedera koma sindinkamva. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mawu omaliza akundiuza atafulatira. Ndinawagwira mkono kuti anditembenukire. Ndinakoka kwambiri. Ndodo inaterereka."

Sajeni anasendera patsogolo pa Uchi.

"Dokotala akuti anakhala maola awiri ali moyo," anatero Sajeni, atamuyang'anitsitsa kuti aone milomo.

"Ndikudziwa. Ndinatsika n'kugwada pambali pawo. Maso anali otsegula. Kubuula sindinakumve, koma milomo ndimaiwerenga bwino, bwana, ndaphunzira. Ankati, itana munthu. Ananena kawiri. Ndinayang'ana wotchi. Pulogalamu inatsala ndi mphindi khumi ndi zinayi. Ikanatha ine kulibe, wailesi ikanakhala chete, ndipo tauni yonse ikanafunsa kuti Uchi ali kuti. Ndinawauza kuti ndikubwera. Ndikuthamanga ndinati ndikaimba foni ndikafika. Nditafika ndinati ndiimba nkhani zikatha. Nkhani zitatha ndinati, nanga akandifunsa kuti ndadziwa bwanji? Ndinakhala choncho, foni ili m'dzanja, mpaka mlembi analowa akulira."

"Nanga Adalaivala? Munamva kuti ndawatsekera."

"Ndinawerenga ndekha pa nkhani za Lachisanu."

Nthambo anabisa nkhope m'juzi. Uchi anatambasula dzanja ngati amugwire paphewa, koma analibweza lisanafike.

"Usadzidye, mlongo wanga. Ntchito unagwira bwino. Ine ndekha ndi amene sindinamve kuti kuthetheka kunatha."

Anadzuka n'kufunsa Sajeni ngati angadutsire khomo lakuseri, kuti mlembi asaone unyolo. Sajeni anavomera, ndipo unyolowo sanautulutse m'thumba.

*

Inali cha m'ma 3 koloko pamene Sajeni anatsegula yekha chitokosi. Adalaivala anali atakhala pakona, bambo wamfupi wa dazi, dzanja lamanja atalikumbatira pachifuwa. Zala ziwiri zinali zotupa, zokhota. Tsiku lachiwiri la mlanduwo apolisi awiri analowa nawo m'chipinda chofunsira mafunso kuti awathandize kukumbukira. Sajeni anali m'chipinda choyandikana nacho. Anamva zonse, ndipo anangodzuka n'kutseka chitseko chake.

"Bambo, tulukani. Wolakwa wapezeka."

Adalaivala sanafunse kuti ndani. Anadzuka mogwira khoma, nalandira lamba ndi zingwe za nsapato zimene anawalanda tsiku loyamba. Zingwezo zinawakanika kumanga ndi dzanja limodzi. Atelala, amene anali atadikira pabenchi tsiku lonse, anagwada n'kuwamangira.

"Ndinalakwitsa, bambo," anatero Sajeni. "Ndinafulumira. Ndipo za dzanjalo ndinamva, sindinaletse. Ndilemba zonse mu lipoti, ndi dzina langa lomwe."

Adalaivala anamuyang'ana n'kufunsa:

"Abwana anaikidwa liti?"

"Lamulungu."

"Anawanyamula ndani?"

"Galimoto ya kampani ya maliro."

"Anawadutsitsa msewu wa pamsika?"

"Ndikuganiza choncho. Ndi wachidule."

"Sankaufuna msewu umenewo. Mabampu ankawapweteka msana." Adalaivala anayang'ana pansi. "Tinakangananso za msewu womwewo Lachitatu lija. Ndinadutsa pamenepo chifukwa tinachedwa, ndiye anandinena kuti ndakalamba, ine n'kuwayankha kuti takalamba tonse. Mawu omaliza amene ndinawauza ndi amenewo. Mmawa wa Lachinayi ndinangotenga kabuku ka kuchipatala patebulo, iwo asanadzuke."

Sajeni anati awaperekeza kunyumba pa galimoto ya polisi. Adalaivala anapukusa mutu.

"Kunyumba ndipita ndi mayiwa, wapansi. Ngati mukufuna kundichitira kanthu, ndiperekezeni kumanda kaye. Sindikudziwa pamene anawagoneka."

Anakwera atatu. Atelala anakhala kumbuyo, kontena ili pamiyendo, chakudya chosadyedwa. Sajeni analiza galimoto, natuluka pageti. Atafika pamphambano anaika chizindikiro chokhotera kumanja, n'kuzindikira kuti kumeneko ndi kumsika. Anachizimitsa, nadutsa njira yaitali yozungulira kusiteshoni ya sitima.

Kumanda anapeza mulu wa dothi lofiira, nkhata za maluwa zitafota kale. Adalaivala anatsika okha. Anaima kumutu kwa manda, navula chipewa ndi dzanja lamanzere. Kenaka anapisa m'thumba la thalauza n'kutulutsa kabotolo ka mapiritsi a miyendo, kamene apolisi anawabwezera pamodzi ndi lamba. Anakayang'ana, osadziwa chochita nako, n'kukabwezera m'thumba.

Sajeni anatsala m'galimoto, injini itazima. Atelala anatsegula chitseko chakumbuyo, mwendo umodzi uli kale pansi.

"Dzanja lija lichira, bwana?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Chifukwa ntchito ina saidziwa."

Anatsika n'kupita kukaima pambali pa mwamuna wawo.